Mukubwereza mayeso a uloya? Musayambe ndi kuwonjezera maola owerenga

Tsiku limene zotsatira zinatuluka ndinali mu minibasi yochokera ku Area 25 kulowera m'tauni. Ndinayang'ana pa foni kawiri, ndinaibweza m'thumba, ndipo sindinalankhule ndi munthu mpaka madzulo. Mapepala awiri anali atandikanika. Chinandiwawa kwambiri n'chakuti ndinali nditawerengadi. Kwa miyezi itatu ndinkagona 1 koloko usiku mabuku ali mbwee patebulo, ndipo kunyumba aliyense ankayembekeza kuti chaka chimenecho ndivala mkanjo wakuda n'kukaima pamaso pa Jaji Wamkulu.

Ulendo wachiwiri ndinakhoza, koma maola owerenga ndinachepetsa. Anthu amene amabwera kudzandifunsa nzeru atalephera amayamba ndi mawu amodzimodzi: "Ulendo uno ndiwerenga kwambiri." Akatero amatenga manotsi omwe aja, kukhala pampando womwe uja, n'kuchita zomwe zija kwa nthawi yotalikirapo. Ngati njirayo ndi imene inakugwetsani, kuiwonjezera sikungakudzutseni.

Lamulo la Legal Education and Legal Practitioners Act la 2018, limene linalowa m'malo mwa lija la 1965, ndi limene linakhazikitsa Malawi Institute of Legal Education, imene tonse timangoti MILE. Cholinga cha maphunziro a kumeneko n'kukonza munthu kuti akagwire ntchito ya uloya, ndipo mayeso ake amatsata cholinga chomwecho. Ku yunivesite munkafunsidwa kuti lamulo limati chiyani. Kuno wolemba funso akufuna kuona ngati munthu atalowa mu ofesi mwanu ndi vuto lake mungadziwe khoti loyenera, chikalata choyenera ndi nthawi imene muli nayo. Choncho tsiku lanu liyenera kumangidwa pa kulemba mayankho, ndipo kuwerenga kuzibwera pambuyo kudzatseka mipata imene kulembako kwaonetsa.

Musanajambule ndondomeko ya tsiku, pitani nokha ku ofesi ya sukulu mukatenge zonse zolembedwa: mapepala amene mukuyenera kubwereza, tsiku lomaliza kulembetsa, ndalama zake, ndi silabasi ya chaka chino. Za pa gulu la WhatsApp musazidalire pa nkhani imeneyi.

Pezani kaye chimene chinakugwetsani

Tengani pepala, mukhale pansi ola limodzi, mukumbukire tsiku la mayeso funso ndi funso. Zimapweteka, ndipo ambiri amathawa gawo limeneli. Lembani kuti pa pepala lililonse munayankha mafunso angati, linatsala ndi liti, ndi pati pamene dzanja linaima. Ngati mphunzitsi amene anakuphunzitsani phunzirolo angakupatseni mphindi khumi, mufunseni funso limodzi lokha: olephera pepala limeneli amalakwitsa pati kawirikawiri?

Mudzapeza kuti kulephera sikufanana. Wina zinthu zinamuthawa m'mutu, wina nthawi inamuthera, wina analemba masamba ambiri osagunda funso, wina analemba lamulo limene linasinthidwa kale. Mankhwala ake ndi osiyana. Ine matenda anga anali awiri oyambawo.

"Ndimawerenga tsiku lililonse koma m'mayeso zimathawa"

Ili ndiye vuto lalikulu, ndipo ndi lachinyengo chifukwa munthu amadziona ngati akugwira ntchito. Mukawerenga tsamba kachitatu, maso amalizolowera. Mutu umati "izi ndikuzidziwa", koma chimene mwadziwa ndi maonekedwe a tsambalo. M'chipinda cha mayeso tsamba lija mulibe, muli inu ndi pepala loyera. Kuzindikira chinthu chili pamaso panu ndi luso lina, kuchitulutsa m'mutu popanda chokukumbutsani ndi luso linanso, ndipo mayeso amayesa lachiwirili. Kulemba mizere yachikasu pansi pa ziganizo ndi kukopera manotsi m'kope latsopano zonse zimalimbitsa loyamba lija.

Dziyeseni lero lomwe. Tsekani mabuku onse, mutenge nkhani ya belo, mulembe zimene mukudziwa kwa mphindi khumi. Kodi mwatchula gawo 42(2)(e) la malamulo aakulu a dziko lino, limene limati womangidwa ali ndi ufulu wotulutsidwa, pa belo kapena popanda belo, pokhapokha ngati chilungamo chikufuna kuti asatuluke? Mwakumbukira maola 48 a m'gawo 42(2)(b), amene womangidwa ayenera kufikitsidwa kukhoti asanathe? Mwatchula Bail (Guidelines) Act ndi zinthu zimene khoti limayang'ana, monga ngati munthuyo angathawe kapena kusokoneza mboni? Mwanena kuti udindo woonetsa chifukwa chomukanizira belo uli pa boma? Mukatsegula buku n'kupeza kuti theka la zimenezi munasiya, mwapeza ntchito ya madzulo ano. Mwapezanso chifukwa chimene miyezi itatu ija sinapindule.

Kuyambira pamenepo, mutu uliwonse muziuyamba ndi buku lotseka. Lembani zimene mukukumbukira, tsegulani, konzani ndi cholembera cha mtundu wina, tsekaninso. Mubwerere ku mutu womwewo mawa lake, kenako pakapita masiku atatu, kenako sabata, kenako masabata awiri. Kukumbukira movutikira, pamene chinthu chayamba kuzilala, ndi kumene kumachikhomerera m'mutu. Masiku oyamba mudzamva ngati mwabwerera m'mbuyo chifukwa mipata idzaonekera poyera. Mipatayo inalipo kale chaka chatha, kungoti munakaipeza m'chipinda cha mayeso.

Njira ina imene inandithandiza kwambiri ndi kufotokoza m'Chichewa. Mayeso timalemba m'Chingerezi, ndipo n'zotheka kuloweza chiganizo cha jaji osamvetsa chimene chikunena. Ine ndinkakhala ndi mayi anga pakhonde Lamlungu madzulo n'kuwafotokozera za chiletso cha khoti. Tsiku lina anandidula: "Iwe, ngati munthuyo angathe kungolipidwa ndalama pambuyo pake, khoti likuletseranji?" Funso lawolo ndi mfundo yachiwiri yeniyeni mwa zitatu za mu Order 10 rule 27 ya malamulo oyendetsera milandu ku High Court, zimene khoti limayang'ana lisanapereke chiletso: kuti pakhale nkhani yeniyeni yoti khoti liweruze, kuti chipukuta misozi cha ndalama sichingakwanire, ndi kuti kupereka chiletsocho n'chilungamo. Chichokereni tsiku limenelo sindinaiwalenso. Pamene Chichewa chikukukanikani pofotokoza mfundo, dziwani kuti mfundoyo simunaimvetse, mwangoiloweza.

"Nthawi inandithera"

Pano masamu ake ndi ophweka koma ouma. Funso limene simunaliyambe limakupatsani ziro, ndipo malikisi oyamba a funso lililonse ndi osavuta kupeza kuposa omaliza. Munthu amene wathera ola lathunthu kukometsa funso loyamba n'kusiya lomaliza wataya zambiri kuposa zimene wapeza.

Tengani nthawi ya pepala lonse, muchotsepo mphindi zowerengera mafunso, zotsalazo mugawe molingana ndi malikisi a funso lililonse. Nambala imene mwapezayo ndiyo muzigwiritsa ntchito tsiku lililonse poyeserera. Ikani wotchi patebulo, osati foni. Nthawi ikakwana ikani cholembera pansi ngakhale muli pakati pa chiganizo, ndipo mujambule mzere pamene mwalekezera kuti muziona ngati mzerewo ukusuntha sabata ndi sabata. Lembani ndi dzanja, papepala. Ambiri a ife kuntchito timangogogoda kompyuta, ndipo dzanja limene silinazolowere kulemba maola atatu limayamba kuwawa ola loyamba lisanathe.

Ngati mumachedwa chifukwa choyamba ndi mbiri ya lamulo, siyani. Chiganizo choyamba chinene nkhani imene ikufunika kuweruzidwa. Chachiwiri chitchule lamulo ndi pamene likupezeka. Zotsalazo zikhale za anthu a m'funsomo, ndipo mumalize ndi malangizo omveka.

"Ndinalemba zambiri koma malikisi anachepa"

Uyu ndi munthu amene waona mawu akuti "kuba" m'funso n'kukhuthula zonse zimene akudziwa za kuba. Wochonga akufuna kuona mfundo za m'funso zikugwiritsidwa ntchito. Ngati funso latchula kuti munthu anamangidwa Lachisanu madzulo, tsikulo silinaikidwe mwangozi, likukufunsani za maola 48 ndi masiku amene khoti silikhala. Ngati latchula zaka za mwana, kuchuluka kwa ndalama, kapena kuti malowo ndi a mfumu, chilichonse mwa zimenezi chili ndi malikisi ake. Mukamaliza yankho loyeserera, bwererani ku funso n'kuchonga mfundo iliyonse imene mwaigwiritsa ntchito. Zosachongedwazo ndi malikisi amene mwasiya patebulo.

Manotsi obwereka ndi lamulo limene linasintha

Manotsi amene amayenda m'manja mwa ophunzira ena ndi akale kwambiri, ndipo alibe deti. Malamulo athu asintha kwambiri m'zaka zapitazi. Milandu ya civil, yosakhala yaupandu, ku High Court tsopano imayendera Courts (High Court) (Civil Procedure) Rules a 2017, osati malamulo aja a ku England amene tinkawerenga m'buku lotchedwa White Book. Mlandu umayamba ndi summons, wodandaula ndi claimant, ndipo chikalata cha umboni wolumbirira chimene tinkati affidavit tsopano ndi sworn statement. Mukalemba mawu akale pa chikalata cha m'mayeso, wochonga amadziwiratu kumene mwatenga. Za chuma cha masiye zili mu Deceased Estates (Wills, Inheritance and Protection) Act ya 2011, osati lamulo la 1967. Makampani akuyendera lamulo la 2013, osati la 1984. Za ukwati zili mu Marriage, Divorce and Family Relations Act ya 2015, ndipo mu 2017 malamulo aakulu anasinthidwa kuti mwana akhale aliyense wosakwana zaka 18. Malamulo a malo analembedwa mwatsopano mu 2016 n'kusinthidwanso mu 2022.

Ngakhale zigamulo zimafuna kusamala. Pa nkhani ya chilango cha imfa, mlandu wa Kafantayeni wa 2007 unathetsa lamulo lokakamiza khoti kupereka chilangochi kwa aliyense wopezeka wolakwa pa mlandu wakupha. Mu Epulo 2021, pa mlandu wa Khoviwa, zinamveka kuti Supreme Court of Appeal yathetseratu chilango cha imfa, koma mu Ogasiti chaka chomwecho chigamulo chomalizidwa chinaonetsa kuti majaji ambiri sanagwirizane ndi mfundo imeneyo. Amene ali ndi manotsi olembedwa pakati pa miyezi imeneyi akuloweza chinthu cholakwika ndi mtima wonse.

Chochita n'chakuti mutu uliwonse muyambire pa lamulo lenilenilo, manotsi abwere pambuyo. Malamulo ndi zigamulo zambiri zili pa tsamba la intaneti la MalawiLII mwaulere. Tsiku limene muli ndi intaneti yabwino tsitsani zonse zimene silabasi yatchula, ndipo malamulo amene mumawatsegula tsiku ndi tsiku, monga Criminal Procedure and Evidence Code ndi malamulo a 2017 aja, musindikize papepala. Ndalama ya fotokope imeneyo musaiumire. Pepala silifuna magetsi kapena bandulo, ndipo silibweretsa mauthenga.

"Ndondomeko yanga imafa sabata yachiwiri"

Imafa chifukwa inalembedwa ndi munthu amene mtima ukumuwawa, usiku wa tsiku la zotsatira, ndipo ili ndi maola asanu ndi atatu patsiku. Ambiri obwereza ali pantchito, ena ali ndi ana, ndipo ulendo wa m'mawa kuchokera ku Area 25, Area 49, Kawale kapena Area 23 kupita ku City Centre kapena ku Old Town umadya nthawi yake. Ndondomeko yoti ikhalitse iyenera kukwana pa tsiku lanu loipa, osati labwino.

Yanga inali yotere. Ndinkadzuka 4 koloko m'mawa, nyumba ili zii, ndipo ntchito yoyamba inali kuyankha funso limodzi la mayeso akale, wotchi ili patebulo, buku lili lotseka. Funsolo ndinkalisankha usiku n'kulisiya patebulo pamodzi ndi pepala ndi cholembera, kuti m'mawa pasakhale zoganiza. Ndikamaliza ndinkatsegula lamulo n'kudzichonga kwa theka la ola, ndipo cholakwa chilichonse chinkalowa m'kabuku kakang'ono. Pofika 5:30 ntchito yaikulu ya tsikulo inali itatha, ndipo chilichonse chimene chikanachitika masana sichikanailanda.

Mu minibasi ndinkatulutsa timakadi todula pa katoni, funso mbali ino, yankho kuseri. Mukhoza kugwiritsa ntchito foni, koma ine foni inkandikokera ku zina. Nthawi ya nkhomaliro ndinkapatula mphindi 20 kubwereza za m'kabuku kaja. Madzulo ndinkawerenga ola limodzi basi, ndipo ndinkawerenga zokhazo zimene funso la m'mawa laonetsa kuti sindikuzidziwa. Pofika 9:30 ndinali nditagona. Kugona musakuone ngati nthawi yotayika, chifukwa zimene mwaphunzira masana zimakhazikika m'mutu muli m'tulo, ndipo wochezera usiku wonse amataya mbali ya zimene wawerenga. Zonse pamodzi zinali pafupifupi maola atatu patsiku.

Ngati mukubwereza mapepala angapo, muziwasinthanitsa tsiku ndi tsiku m'malo mopatsa lililonse mwezi wake, ndipo lovuta kwambiri lipatseni m'mawa wambiri. Loweruka m'mawa linali la pepala lathunthu, nthawi yake yonse, kutali ndi kunyumba. Laibulale ya National Library Service ku City Centre ndi malo amodzi otere, ndipo kalasi yopanda anthu pa sukulu ya pafupi kapena chipinda cha kutchalitchi, mutapempha bwino, zimagwiranso ntchito. Lamlungu sindinkagwira buku mpaka madzulo.

Tsopano za zosokoneza, chifukwa zidzabwera. Magetsi adzathima, choncho nyale ya sola ikhale yotchajidwa nthawi zonse ndipo ntchito ya m'mawa isadalire kompyuta. Maliro adzagwa, ndipo simungakane kupita. Chinkhoswe cha mlongo wanu simungachithawe. Siyani Loweruka masana lopanda kanthu kuti likhale lobwezera zimene zatsalira, ndipo mukhale ndi kachigawo kochepetsetsa ka tsiku lovuta: mphindi 20 za timakadi, ngakhale muli pa basi yopita kumudzi. Tsiku likadumphika musaliwirikize mawa lake, ingopitirizani pamene ndondomeko ili. Kuwirikiza ndi kumene kumapha sabata yonse. M'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala masana mutu sugwira, ndiye dalirani m'mawa kwambiri. M'mwezi wa Juni ndi Julayi vuto ndi kutuluka m'bulangete, ndipo juzi ndi fulasiki ya tiyi zikonzedwe usiku.

Kulemba zikalata sikuphunziridwa ndi maso

Ngati pepala limene linakugwetsani linali ndi mbali yolemba zikalata, kuyang'ana zitsanzo sikukwanira. Kawiri pa sabata, m'malo mwa funso la m'mawa, lembani chikalata chimodzi kuchokera pamwamba mpaka pansi popanda chitsanzo: mutu wa khoti ndi registry yake, mayina a mbali zonse, thupi lake, ndi malo osainira. Lero summons, tsiku lina sworn statement, lina charge sheet (chikalata cha mlandu umene munthu akuimbidwa), lina wilo, lina kalata yopita kwa kasitomala. Kenako fanizirani ndi chitsanzo chabwino. Mudzadabwa kuti zimene mumaiwala ndi zazing'ono zomwe zija, ndipo m'mayeso zimenezo ndi malikisi osavuta.

Mukapeza m'mawa umodzi womasuka, pitani mukakhale kumbuyo m'khoti la majisitireti kapena ku High Court kuno ku Lilongwe. Milandu yambiri imazengedwa poyera. Kuona woimbidwa mlandu akuwerengeredwa mlandu wake, pempho la belo likuperekedwa, mboni ikufunsidwa mafunso, kumasandutsa ndime za m'buku kukhala zinthu zimene munaziona ndi maso.

Gulu, abale ndi manyazi

Gulu lowerengera limodzi limathandiza ngati lili la anthu atatu kapena anayi ndipo aliyense akubwera atalemba kale yankho la funso limodzimodzi kuti musinthane n'kuchongerana. Gulu limene limakumana kuti "tikambirane mutu" limathera pa kudandaula za ochonga ndi kulosera mafunso. Wina akayamba kunena za likasa, tulukanimo tsiku lomwelo. Mukufuna kulowa ntchito imene khoti limayamba lafunsa ngati ndinu munthu wa makhalidwe oyenera, ndipo mbiri yobera mayeso ingakutsekereni khomo limene kulephera sikunatseke.

Manyazi ndi amene amachititsa anthu kubisala. Ine ndinatha milungu ndikuzemba anzanga amene analumbira kukhala maloya, mpaka loya wina wachikulire amene ndinkamuthandiza ntchito anandiitana. Ndinati, "Bwana, sindikudziwa ngati ndibwerezenso." Iwo anangoti, "Bweretsani yankho limodzi Lachisanu lililonse, ndizikuchongerani." Anali ouma pochonga, ndipo ndi iwo anandionetsa kuti ndimachedwa kufika pa mfundo. Pezani munthu wotere, mum'pemphe chinthu chaching'ono chodziwika bwino, monga yankho limodzi pa sabata. Pempho lotere anthu otanganidwa amalivomera.

Kunyumba nenani zoona, ndipo pemphani zinthu zenizeni: kuti m'mawa musadzutsidwire zina, kuti Loweruka m'mawa wina aone ana, mpaka tsiku lakuti. Anthu amapirira mosavuta akadziwa tsiku lothera. Koma ngati papita milungu tulo sitikubwera, chakudya sichikulowa, ndipo mukuona ngati moyo wonse wathera pa zotsatira zija, limenelo si vuto la ndondomeko yowerengera. Kaonaneni ndi dokotala kapena mlangizi, ndipo muuze munthu mmodzi amene mumamukhulupirira.

Masabata awiri omaliza

Musayambe mutu watsopano kapena kulandira manotsi atsopano. Kabuku ka zolakwa kaja ndiye buku lanu lalikulu tsopano, chifukwa muli zinthu zimene inuyo mumaphonya, osati zimene wina anaganiza kuti n'zofunika. Lembani mapepala athunthu pa ola lenileni limene mayeso adzayambe, kuti thupi lizolowere. Ngati mutu unaima chaka chatha mutangotsegula pepala, yesererani mphindi zisanu zoyamba pazokha: kupuma mozama, kuwerenga mafunso onse, kusankha limene mukulidziwa bwino, ndi kulemba m'mbali mwa pepala nthawi imene funso lililonse liyenera kutha. Tsiku lomaliza konzani chiphaso, zolembera zitatu za mtundu umene mwakhala mukuyeserera, wotchi ndi ndalama yoyendera, ndipo munyamuke ngati kuti pamsewu padzakhala mzere wa magalimoto.